Momwe Mungatsekerezere Pulasitiki Asanafike Kunyanja

Mvula ya chizimalupsa ikagwa mumzinda wa Blantyre, kaimeni pamlatho uliwonse wa mtsinje wa Mudi ndipo muone zimene madzi asenza. Si matope okha amene amatsika. Majumbo abuluu, mabotolo a zakumwa, timapepala ta mafirizesi, matewera a ana ndiponso mapatapata oduka zimayenda pamodzi, ndipo madzi akaphwa, nthambi za mitengo ya m'mphepete zimatsala zitavala nsanza za pulasitiki mpaka pamene panalekezera madziwo. Madzi a Mudi amakathera mu Shire, Shire amakathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, ndipo Zambezi amakalowa m'nyanja yamchere ya Indian Ocean kufupi ndi Chinde. Ku Lilongwe njira yake ndi yotalikirapo koma mathero ake ndi amodzi: mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ya Malawi ku Salima, ndipo mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanjayi ndi Shire yemweyo.

Sikuti jumbo iliyonse yotayidwa ku Ndirande kapena ku Kawale imakafika ku Chinde. Zambiri zimakodwa m'mabango, zina zimatsakamira pamalo opangira magetsi monga ku Nkula, zina zimamira m'matope a dambo la Elephant Marsh. Koma zimenezi sizotonthoza mtima, chifukwa pulasitiki amene sanafike kunyanja yamchere ndiye kuti watsala m'madzi amene timamwa, m'minda ya kudimba ndi m'mimba mwa ziweto zathu. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linanena mu 2021 kuti matani pafupifupi 11 miliyoni a pulasitiki amalowa m'nyanja zikuluzikulu chaka chilichonse, ndipo gawo lalikulu la zinyalala zimenezi limachokera kumtunda, kudzera m'ngalande ndi m'mitsinje. Pulasitiki akafika kumeneko saola ngati tsamba. Dzuwa ndi mafunde zimangomuphwanya kukhala tizidutswa, ndipo tochepera mamilimita 5 ndi timene akatswiri amatitcha microplastics, timene nsomba zimameza pamodzi ndi chakudya chawo. Madzi akatayika saoleka, ndipo palibe ukonde umene ungasese tizidutswa totere m'nyanja. Malo okhawo amene munthu wamba angamugwire pulasitiki ndi dzanja ndi pakhomo pake, pamsika ndi pangalande yodutsa kuseri kwa nyumba yake. Malangizo otsatirawa ndawasanja kuyambira pa zimene zili m'manja mwanu nokha.

Choyamba: werengani pulasitiki wa pakhomo panu kwa sabata imodzi

Musayambe ndi kugula chilichonse. Tengani thumba lopanda kanthu la feteleza kapena la chimanga, mulipachike pafupi ndi khitchini, ndipo muuze onse a pabanja kuti kwa masiku 7 pulasitiki aliyense wotha ntchito aziponyedwa mmenemo, osati kudzala kapena pamoto. Tsiku lomaliza khuthulirani zonse pabwalo n'kuziunjika mitundumitundu: majumbo pawokha, mabotolo pawokha, mapaketi a sopo, shuga, mchere ndi mabisiketi pawokha.

Nditachita zimenezi kwathu, ndinkayembekezera kuti mulu waukulu ukhala wa mabotolo. Sizinali choncho. Umene unakula unali mulu wa timajumbo ting'onoting'ono topyapyala, tija timabwera ndi tomato wa masana, kamafuta kophikira komangidwa mfundo, kaufa ka walkman, bonya ndi chipisi cha ana. Kalikonse kanagwira ntchito kwa mphindi zosakwana 20, kuchokera pamsika kufika pakhomo, ndipo palibe kamene kanali koyenera kugwiritsidwanso ntchito. Kuwerenga kumeneku n'kofunika chifukwa kumakuuzani pomenya. Banja lina lidzapeza kuti vuto lake ndi matewera, lina mabotolo a madzi, lina mapaketi a zakudya za ana a sukulu. Sankhani milu iwiri yaikulu kwambiri ndipo mulimbane ndi imeneyo kaye.

Chachiwiri: kanani pulasitiki amene simukumufuna

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo. Anthu ambiri akamva za vutoli amathamangira kunena kuti pulasitiki azikonzedwanso kukhala zinthu zina. Kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anasonyeza kuti kuchokera m'ma 1950 dziko lapansi linali litapanga matani 8.3 biliyoni a pulasitiki, ndipo mwa amene anasanduka zinyalala, magawo 9 okha pa 100 alionse ndi amene anakonzedwanso, magawo 12 anatenthedwa, ndipo magawo 79 anaunjikana kumalo otayira zinyalala kapena anangomwazikana. Ngati mayiko okhala ndi mafakitale ambiri akulephera chonchi, jumbo yopyapyala yopaka mafuta a chipisi pamsika wa Lunzu palibe amene adzaikonzenso. Njira yodalirika ndi yakuti isafike n'komwe m'manja mwanu.

Konzani zida zopitira kumsika ndipo muzisunge pamalo amodzi, pafupi ndi chitseko, kuti musamaziiwale. Pakhale dengu kapena chikwama chansalu chimene telala wa pakhonde angakusokereni kuchokera ku chitenje chakale. Pakhale kontena yokhala ndi chivundikiro yoikamo nyama, nsomba yaiwisi kapena chipisi. Pakhale botolo loyera logulira mafuta ophikira oyeza, ndi timatumba tiwiri kapena titatu tansalu toikamo nyemba, mpunga ndi ufa. Amayi athu ankachita zimenezi kalekale popanda wowauza, ankapita kumsika ndi dengu pamutu ndipo usipa unkakulungidwa m'pepala kapena m'masamba. Majumbo ndi mlendo amene wabwera posachedwapa, ndipo tinamuzolowera chifukwa amaperekedwa ulere.

Chovuta si kunyamula dengu ayi, koma liwiro la dzanja la wogulitsa. Mayi wogulitsa tomato amakhala atang'amba kale jumbo inu musanamalize kutchula mtengo. Choncho yankhulani musanaloze katundu: "Mayi, ndabwera ndi poika, musavutike ndi jumbo." Nenani mwaulemu ndipo mutambasule chikwama chanu nthawi yomweyo. Ogulitsa ambiri amakondwera, chifukwa majumbowo amachita kugula ndi ndalama yochokera paphindu lawo lochepalo. Mukamagula kwa munthu mmodzimodzi kawirikawiri, pakatha milungu iwiri iye mwini ndiye amayamba kukufunsani ngati mwabwera ndi kontena yanu.

Ndikudziwa kuti kugula pang'onopang'ono si khalidwe loipa koma umphawi. Munthu amene wapeza ndalama ya tsiku limenelo sangagule botolo la malita 5 a mafuta, ndipo sindingamuuze kuti adikire kutha kwa mwezi. Komabe mafuta a supuni zochepa akhoza kuthiridwa m'kabotolo kochokera kunyumba, ndipo ufa wa chakudya chimodzi ukhoza kulowa m'mbale yovundikira. Kumene ndalama zilipo, mabanja awiri kapena atatu angasonkherane n'kugula thumba limodzi lalikulu la shuga kapena sopo waufa n'kugawana, ndipo mtengo wake umatsika. Pa zakumwa, sankhani za m'mabotolo agalasi obweza ngati zilipo, chifukwa botolo limodzi lotere limayenda maulendo ambiri. Madzi akumwa muziwatenga kunyumba m'botolo lolimba, owiritsa kapena othira mankhwala.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndikupemphani kuti musiye lero lomwe, ngakhale zina zonsezi zitakukanikani. Choyamba ndi kuika chakudya chamoto, monga chipisi chongochoka m'chiwaya, phala kapena nsima, m'jumbo yopyapyala, chifukwa kutentha ndi mafuta zimathandiza kuti mankhwala ena a mupulasitiki alowe m'chakudya. Chachiwiri ndi kukolezera mbaula ndi jumbo. Ambiri timadziwa fungo lija la m'mawa, pamene pulasitiki woyaka akudontha pamakala ndipo mwana wakhala chapafupi kudikira madzi a tiyi. Utsi umenewo ndi poizoni. Zitsononkho, timitengo touma, udzu kapena mapepala akale zimayatsa makala bwinobwino, kungoti zimafuna kuleza mtima kwa mphindi zingapo.

Pamaliro, paukwati ndi pamisonkhano ya mpingo, mbale ndi makapu otaya zikulowa m'malo mwa ziwiya zobwerekana. Ngati muli m'komiti yokonza mwambo, limbikitsani kuti mpingo kapena mudzi ukhale ndi mbale ndi makapu akeake otsukidwa, osungidwa kwa msungichuma. Mwambo umodzi wa anthu 300 ukhoza kusiya zinyalala zoposa za banja limodzi pa miyezi ingapo.

Chachitatu: patulani zinyalala, ndipo musazitenthe

Ngakhale mutayesetsa bwanji, pulasitiki wina adzalowabe pakhomo. Lamulo lake ndi lakuti asasakanikirane ndi zoola. Makoko a mbatata, zotsala za ndiwo, masamba ndi phulusa zipite kudzenje la manyowa, ndipo dzenje limenelo likadzaza lidzadyetsa dimba lanu. Pulasitiki mumutsuke pang'ono ndi madzi otsala potsuka mbale, mumuyanike, ndipo mumusunge m'thumba lomanga kukamwa kuti mphepo ndi mbuzi zisamufikire.

Yang'anani pansi pa botolo kapena chigubu ndipo nthawi zambiri mudzaona nambala ili mkati mwa kachizindikiro ka makona atatu. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi HDPE, ya zigubu zolimba. Nambala 5 ndi PP, ya mabeseni ambiri, ndowa ndi zivundikiro. Mitundu imeneyi ndi imene ogula zinthu zakutha amakonda kulandira, choncho muiike payokha. Mabotolo abwino ali kale ndi msika wake pakati pathu, chifukwa ogulitsa thobwa ndi mafuta amawafuna, ndipo pali anthu amene amapeza chakudya potolera mabotolo. Apatseni oyera, pamanja, m'malo moti akawafukule kudzala. Anthu amenewa amagwira ntchito imene tonsefe timapindula nayo, ndipo ayenera kulandiridwa pachipata mwaulemu.

Kutentha ndiko kumaoneka ngati ukhondo, chifukwa mulu umatha ndipo bwalo limayera. Koma moto wa padzala sutentha mokwanira kuti uwononge pulasitiki kotheratu. Umatulutsa utsi wokhala ndi poizoni, kuphatikizapo wotchedwa dioxin makamaka ngati muli mapaipi kapena zinthu zina za PVC, ndipo phulusa lotsalalo mvula imalikokolera kumtsinje komweko. Ana, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu ndi amene amavutika kwambiri.

Nanga kumene galimoto ya khonsolo sifika, kumene ndi kumalo ambiri m'dziko muno, munthu atani? Yankho lokoma palibe, ndipo sindikufuna kukunamizani. Chimene chili choipa pang'ono kuposa zina ndi ichi: kumbani dzenje lapadera la pulasitiki yekha, pamalo okwera, kutali ndi chitsime, mjigo, dimba ndi njira ya madzi, ndipo nthawi iliyonse mukatayamo muzitsendera ndi kuthirapo dothi. Pulasitiki wokwiriridwa sachoka m'dziko, koma sauluka, sadyedwa ndi ziweto, ndipo sayenda ndi mvula. Kudzaza msanga kwa dzenje limeneli kudzakukumbutsani chifukwa chake kukana jumbo kuli patsogolo pa zonse.

Za ziwetozi si nthano. Aliyense amene anaimapo pamalo ophera mbuzi anaonapo chimpira cholimba cha majumbo opotana chikutuluka m'chifu, nthawi zina chachikulu ngati mutu wa mwana. Mbuzi yotere imadya koma imangowonda, chifukwa m'mimba mwake mulibe malo. Kafukufuku wina ku Mponela anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zimene zinaphedwa. Zimenezi n'zimene zimachitikiranso akamba a m'nyanja, amene amameza majumbo oyandama poyesa chakudya chawo, ndiponso anangumi. Mu 2019 nangumi wina anapezeka atafa ku Philippines ali ndi makilogalamu 40 a pulasitiki m'mimba.

Matewera otaya ali ndi pulasitiki wambiri ndipo amanyamulanso chimbudzi, choncho kuwataya kumtsinje n'kuwononga kawiri. Ngati n'kotheka gwiritsani ntchito matewera ansalu masana pakhomo, ndipo otayawo muwasungire ulendo ndi usiku. Chimbudzi chake chipite m'chimbudzi, ndipo thewera likulungidwe n'kupita kudzenje lokwirira. Osuta adziwenso kuti kansonga kotsala ka ndudu si thonje koma pulasitiki.

Chachinayi: yeretsani ngalande mvula isanagwe

Nthawi ndiye chinsinsi cha gawo lino. Miyezi yonse ya chilimwe zinyalala zimaunjikana m'ngalande zouma, pansi pa milatho ndi m'makhwawa, ndipo mvula yoyamba yamphamvu imazinyamula zonse tsiku limodzi. Ntchito ya maola atatu mu Seputembala kapena mu Okutobala imapulumutsa zambiri kuposa ntchito ya masiku atatu mu Januwale, pamene zambiri zapita kale ndipo zotsala zamatirira m'matope.

Musayambe ndi dera lonse. Sankhani chigawo chimodzi cha ngalande kapena cha mtsinje chimene mungachiyende m'mphindi 5, ndipo chikhale chanu chaka ndi chaka. Kaonaneni ndi amfumu kapena mtsogoleri wa m'dera lanu, komanso wapampando wa msika ngati ngalandeyo yadutsa pamsika, kuti uthenga uchokere kwa iwo. Musanaitane anthu, dziwani kumene zinyalalazo zikapite. Apa ndi pamene ntchito zambiri zotere zimafera. Ndinakhalapo pantchito ina imene tinatulutsa milu ikuluikulu m'ngalande n'kuisiya m'mphepete mwa msewu podikira galimoto imene sinabwere, ndipo patangotha masiku anayi mvula inabwezera zonse mmene tinazichotsa. Choncho pitani kukhonsolo kusanachedwe, mugwirizane tsiku ndi malo, ndipo ngati galimoto palibe, konzani ngolo, mawilibala kapena dzenje lokwirira.

Patsikulo pakhale mafosholo, mareki, matumba, magolovesi olimba, nsapato zotseka, ndiponso ndowa ya madzi ndi sopo. Ana angathandize kutola pamtunda, koma asalowe m'ngalande, mmene mumakhala magalasi osweka, majakisoni ndi zonyansa za m'zimbudzi. Dziko lino silinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, choncho kusamba m'manja pomaliza si nkhani yokambirana. Ngalande yotseguka imachepetsanso madzi osefukira m'nyumba ndi zithaphwi zoswanirana udzudzu, ndipo phindu limeneli ndi limene limakopa anansi amene nkhani ya nyanja yamchere siwakhudza mtima.

Simukusowa kupeka tsiku latsopano. Mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa tsiku loyeretsa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo Loweruka lachitatu la Seputembala ndi tsiku limene anthu a m'mayiko ambiri amatola zinyalala m'magombe ndi m'mitsinje, mwambo umene bungwe la Ocean Conservancy linauyambitsa mu 1986. Tsiku la mu Seputembala likutiyenera kwambiri ife, chifukwa limafika mvula ili pafupi. Mukamatola, munthu mmodzi akhale ndi kope n'kumalemba kuchuluka kwa matumba ndi mitundu ya zinthu zimene zachuluka, ndipo ajambule malowo musanayambe ndiponso mutamaliza. Kope limeneli lidzagwira ntchito m'gawo lomaliza.

Chachisanu: kwa okhala kunyanja ndi apaulendo

Pa zinyalala zonse za m'madzi, ukonde wotayika ndi umene umapha mwankhanza kwambiri, chifukwa umapitiriza kugwira nsomba mwini wake atauiwala kalekale. Pakati pa Hawaii ndi California pali dera la nyanja ya Pacific limene mafunde amasonkhanitsirako zinyalala, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 1.6 miliyoni, ndipo ofufuza anapeza mu 2018 kuti magawo 46 pa 100 a kulemera kwa pulasitiki wa kumeneko anali maukonde a asodzi. Nyanja yathu, imene ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ili ndi vuto lofananalo. Maukonde a ulusi umodzi woonekera ngati galasi ndi otchipa ndipo sachedwa kung'ambika, choncho amasiyidwa m'madzi kapena pamchenga, mmene amakola chambo, kampango, mbalame ndi mbuna za m'miyala.

Msodzi abwerere kumtunda ndi chidutswa chilichonse cha ukonde ndi chingwe chimene wadula, ndipo posoka maukonde pagombe aziyala thumba pansi kuti tizidutswa tisagwere mumchenga. Ukonde ukakodwa pamwala n'kukanika kuuchotsa, akauze komiti ya pagombe, Beach Village Committee, kuti odziwa kumira akauchotse nyanja ikadekha. Komiti imeneyi ingakhazikitse malo amodzi osonkhanitsira maukonde akutha, ndipo zingwe zake zimagwira ntchito pomanga makola ndi mipanda ya madimba. Masikito a udzudzu ndi ogonamo. Akalowa m'madzi amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo akang'ambika amasanduka pulasitiki wina wa pansi pa nyanja. Nyengo ya mwera, pamene mafunde amalavulira zinyalala kugombe, ndiyo nthawi yabwino yotola, chifukwa nyanja imakhala yakubweretserani yokha.

Apaulendo nawo ali ndi mbali yawo. Amene anayendapo pamsewu wa M1 kapena wa M5 akudziwa mmene mabotolo ndi majumbo amaulukira kuchokera m'mawindo a basi, makamaka basi ikangochoka pamalo ogulitsira chipisi ndi nyama yootcha. Zonsezo zimagwera m'ngalande za msewu, ndipo ngalande za msewu zimathira m'mitsinje. Sungani zinyalala zanu m'chikwama mpaka mutatsika. Chimodzimodzinso m'boti kapena m'sitima ya Ilala: kanthu kalikonse koponyedwa m'madzi pamenepo kafika kale kumene sikadzatoledwanso. Abale athu okhala ku Durban, Cape Town, Beira kapena m'mizinda ya kugombe ku Britain ali pafupi kwambiri ndi nyanja yamchere kuposa ife, ndipo kwa iwo ngalande ya mumsewu imakathira m'nyanja mosadutsa kwina. A ku Durban akukumbukira Okutobala 2017, pamene mphepo yamkuntho inagwetsera padoko matani pafupifupi 49 a timikanda topangira pulasitiki, ndipo anthu anakhala miyezi yambiri akutisefa mumchenga ndi manja.

Zovala nazo zimathothoka timaulusi ta pulasitiki pochapa, makamaka za polyester ndi nayiloni zimene zachuluka m'kaunjika. Chapirani m'beseni ndipo madzi ake muwathire pamtunda, kutali ndi mtsinje, m'malo mochapira pamwala wa m'madzi.

Chachisanu ndi chimodzi: gwiritsani ntchito lamulo limene lilipo kale

Dengu lanu silingatseke fakitale. Lipoti limene linatuluka mu 2019 linayerekeza kuti dziko la Malawi limapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi wogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Mtsinje wotere umatsekedwa kugwero. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa pulasitiki wopyapyala wosakwana ma micron 60, kutanthauza mamilimita 0.06. Makampani ena anakatenga kukhoti chiletso choimitsa lamuloli, koma pa 31 Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ndi loyenera. Mmodzi mwa amene anatsogolera nkhondoyi ndi Gloria Majiga-Kamoto, amene anayamba kukhudzidwa ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman Environmental Prize. Ziletso zina za kukhoti zoimitsa lamuloli zinabweranso pambuyo pake, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene bungwe la Malawi Environment Protection Authority, MEPA, linalengeza kuti layambanso kukhwimitsa lamuloli. Mayiko ena asonyeza kuti n'zotheka: Rwanda analetsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017 ndipo Tanzania mu 2019.

Pamlingo wa dziko lonse lapansi zinthu zikuyenda mwaulesi. Mu Malichi 2022, mayiko 175 anagwirizana ku Nairobi kuti alembe pangano lothana ndi kuwonongeka kwa chilengedwe kobwera ndi pulasitiki, koma zokambirana za ku Busan kumapeto kwa 2024 ndi za ku Geneva mu Ogasiti 2025 zinatha popanda mgwirizano, makamaka chifukwa mayiko ena opopa mafuta sakufuna malire pa kapangidwe ka pulasitiki watsopano. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa mayiko onga lathu ndi amene alibe magalimoto okwanira onyamula zinyalala zimene ena akulimbikira kupanga.

Chimene inu mungachite ndi ichi. Mukaona majumbo oletsedwa akugulitsidwa mochuluka, musalimbane ndi mayi wogulitsa mandasi, amene wangogula chimene wapeza pamsika. Funsani kumene akuchokera, ndipo mudziwitse ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo yanu kapena MEPA za wopanga kapena wogulitsa mopikulitsa. Kenako tengani kope lija la tsiku loyeretsa ndipo mulembe kalata kwa khansala wa dera lanu, yosainidwa ndi amfumu, komiti ya msika ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Itchule malo enieni, tsiku limene munayeretsa, chiwerengero cha matumba amene munatulutsa ndi zinthu zimene zinachuluka, ndipo muikepo zithunzi ziwiri. Musapemphe kuti khonsolo ithetse vuto la zinyalala, chifukwa pempho lotere silikhala ndi poyankhira. Pemphani chinthu chimodzi chooneka ndi maso, monga chibini chachikulu pamsika ndi tsiku lodziwika lochichotsera, kapena sefa yachitsulo pakamwa pa ngalande imene imathira mumtsinje, pamodzi ndi dzina la ofesi imene iziyeretsa sefayo. Sungani kope la kalatayo lodindidwa tsiku limene yalandiridwa, ndipo pakatha masiku 30 popanda yankho, pitani anthu atatu kukafunsa, kalata yodindidwayo ili m'manja. Kuti pempholo ligwire ntchito chaka chomwecho, kalata ifike kukhonsolo mwezi wa Ogasiti usanathe, sefa ikhale itaikidwa chizimalupsa chisanagwe.